Kulandira Alendo pa Sukulu Yaikulu: Ulendo wa Mwana wa ku George

Munthu wocokera ku komboni ya George, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, akafuna kupita ku Yunivesite ya Zambia akwera mabasi awiri okha. Yoyamba imtula m'tauni. Yaciwiri imtenga pa mseu waukulu wolowera kum'mawa, umene Azungu anaucha Great East Road, nimtsitsa pa cipata ca sukuluyo. Poyesa ndi mapazi ulendowu ndi waufupi, ndipo mnyamata wamphamvu akhoza kuuyenda pansi dzuwa lisanafike pamutu. Koma tikayesa ndi zinthu zimene mwana wa ku George ayenera kuzizolowera m'masabata ace oyamba, tipeza kuti ulingana ndi uja wa makolo athu amene anali kutsata njanji kunka ku Wankie ndi ku Joni. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya masabata oyambawo: ndani anali kulandira ophunzira atsopano, anali kuwalandira motani, ndipo mwambowu unacokera kuti.

Pa mudzi wa makolo mlendo sanali kumlekerera. Anali kumlandira katundu, kumuyalira mphasa, kumpatsa madzi ndi nsima, ndipo atapumula ndi pamene anali kumfunsa malonje. M'mawa mwace anali kumpatsa mwana woti amuonetse njira ya kucitsime, ndi kumcenjeza kuti kuthengo uko ndi kumanda, kapena kudambwe, kumene munthu wosalowa sapondako. Ku cinamwali nakonso namwali sanali kulowa yekha m'tsimba. Anali naye phungu, munthu amene anapitamo kale, womgwira dzanja ndi kummasulira miyambo imene anamkungwi anali kunena mophiphiritsa. Dzina ili la phungu tilisunge, pakuti tidzakomana nalonso kutsogolo.

Tiyambe ndi George yemwe. Pamene Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, anammanga monga mudzi wa Azungu, wa miseu yotakata ndi minda ya maluwa. Munthu wakuda anali kuloledwa kukhalamo cifukwa ca nchito yace yokha. Nyumba inali ya nchito, citupa cinali ca nchito, ndipo nchito ikatha anayenera kumanga mitolo kubwerera kwao. Matero, imene inamangidwa kuciyambi kwa zaka za 1950, sinakwanire anthu onse. Tsono eni malo ena a m'mbali mwa tauni anali kulola anchito ao kumanga timanyumba pa malo aowo. Mmodzi wa iwo anali George Hadjipetrou, amene anali ndi nchito youmba njerwa kuseri kwa Matero, ndipo dzina lace ndilo linatsalira komboniyo. Ufulu utabwera mu 1964 malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anagwa, ndipo anthu anakhamukira kuno monga nyerere pa fupa: Acewa, Ansenga ndi Angoni a kum'mawa, Asoli ndi Alenje eni dziko, Abemba, Atonga, Alozi, ndi ena a ku Malawi. Cimene cinawalunzanitsa onsewa ndi Cinyanja ca m'tauni. Atsogoleri a cipani ca UNIP, amene anali kugawa malo omangapo, anaicha komboniyo Mwaziona, koma dzina la George silinacoke pakamwa pa anthu.

Pamaso pa lamulo George kunalibe. Cifukwa cace kunalibenso mipope, miseu kapena sukulu zokwanira, ndipo ana ambiri anali kukapempha malo m'sukulu za ku Matero. Zinthu zinatembenuka mu 1974, pamene Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lobvomereza makomboni otere, ndipo boma, ndi ngongole ya World Bank, linayamba kukonza George, Chawama ndi ena: miseu, mipope yogawana mabanja angapo, sukulu za pulaimale, ndi cikalata colola munthu kukhala pa malo ace zaka 30. Mai wina wa ku Sweden, Ann Schlyter, anayamba kujambula nyumba za ku George kumapeto kwa zaka za 1960, nabwerezabwereza kwa zaka makumi angapo, kotero kuti mbiri ya komboniyi inalembedwa bwino kuposa ya midzi yambiri ya mafumu. Koma cimene tifuna owerenga akumbukire ndi ici: mwana wa ku George akula m'nyumba ya zipinda zowerengeka, zina mwa izo ziri ndi anthu a lendi, momwe mulibe ngodya yowerengeramo, ndipo kawirikawiri ndiye woyamba pa mtundu wace wonse kuona m'kati mwa koleji. Alibe atate, amalume kapena mlongo amene angamuuze za kumeneko.

Makwerero opita ku maphunziro apamwamba anacedwa kuikidwa m'dziko muno. Munali, sekondale yoyamba ya boma ya anyamata akuda, inayamba ku Lusaka mu 1939 ndi anyamata owerengeka pa zala, ndipo atsikana anadikira kufikira 1946, pamene Chipembi inatsegula kalasi la sekondale. Kenneth Kaunda anafika pa Munali mu 1941 kucokera ku Lubwa. Anyamata a masiku amenewo anali kubwera pa malole ndi pa sitima kucokera ku Fort Jameson, ku Mongu ndi ku Kasama, ena asanaonepo nyali ya magetsi, ena asanamvepo cinenero ca mnzao wogona naye cipinda cimodzi. Sekondale yoyandikana ndi George, ndiyo Matero Boys ya Abale a Marianist, inadza mu 1966.

M'sukulu zogonera kulandira alendo kunali m'manja mwa ophunzira akale, ndipo kunali kowawa. Watsopano anali kumucha zeze, ndipo kumzunzako anali kukuchula ndi mau a Cingerezi akuti mockery. Zeze anali kucapa zobvala za akulu, kuwatungira madzi, kubvina popanda ng'oma pamaso pa gulu, ndi kuona kamba amene amai ace anamkazingira alikutha m'kamwa mwa ena. Alipo madoda lero amene aseka pokumbukira zimenezi, nati zinawalimbitsa mtima. Ine sindibvomerezana nao. Cinamwali ca makolo cinali ndi ululu ndithu, koma pamodzi ndi ululuwo panali mwambo ndi phungu. Kuno kunali ululu wokha, ndipo phunziro limene zeze anatolapo ndilo lakuti caka camawa nayenso adzabwezera pa ana a eni.

Tisaganize kuti mcitidwewu unabadwira kuno. M'mayunivesite akale a ku Germany, zaka 500 zapitazo, wophunzira watsopano anali kumuyesa cirombo ca kuthengo. Anali kumbveka nyanga pamutu ndi mano a nguluwe pakamwa, ndipo pamaso pa aphunzitsi anali kumgwetsa nyangazo ndi nkhwangwa yamtengo ndi kumzula manowo ndi mbaniro. Potsiriza anali kumuika mcere pa lilime ndi kumthira vinyo pamutu, nati tsopano wasanduka munthu. Martin Luther yemwe anakhalapo pa mwambo wotere ku Wittenberg. Unazimirira m'zaka za m'ma 1700, koma mbeu yace inatsala m'sukulu zogonera za ku Ulaya, ndipo sukulu zathu zinamangidwa potsanzira zimenezo.

Ufulu usanabwere, amene anakhoza bwino pa Munali analibe yunivesite m'dziko lao. Anali kupita ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena kutsidya la nyanja. Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi, anacoka ku Munali kunka ku Fort Hare, ndi kucokera kumeneko ku Cambridge. Elijah Mudenda anapita njira yofanana. Amenewa phungu wao anali mnzao wa kwao amene anawatsogolera caka cimodzi kapena ziwiri, wowacingamira pa siteshoni ndi kuwauza kumene agula jasi la cisanu. Mu 1957 koleji ya Rhodesia ndi Nyasaland inatsegulidwa ku Salisbury, koma cipata cace cinali copapatiza. Pofuna kulowamo munthu anayenera kupitirira School Certificate, nakhala zaka ziwiri zina mu Fomu 6, monga mwa malamulo a Yunivesite ya London. Ndipo sukulu za akuda zokhala ndi Fomu 6 zinali zosowa. Zotsatira zace zinaoneka pa tsiku la ufulu: dziko lonse la Zambia linali ndi anthu akuda a digiri ngati 100 okha, ndi a School Certificate ngati 1,200.

Nthawi yomweyo ku America kunali kutamera mwambo wina. Mu 1923 Yunivesite ya Maine inaitana ophunzira atsopano kuti afike sabata imodzi akale asanabwere. M'sabatayo anali kuwayesa nzeru, kuwaonetsa nyumba ya mabuku, kuwauza kagawidwe ka nthawi ndi ka ndalama, ndi kuwapereka m'timagulu kwa aphunzitsi owayang'anira. Nzeru yace inali yapafupi: mlendo adziwe mudzi eni mudzi ankhanza asanafike. Makoleji ena ambiri anatsanzira, ndipo m'kupita kwa nthawi ena anasunthira mwambowu m'chuthi cacikulu ca nyengo yao yotentha, m'miyezi ya June, July ndi August, imene kwathu kuno ndiyo ya cisanu ndi mphepo. Anayambanso kuitana makolo, pakuona kuti kholo losadziwa za koleji silikhoza kulimbikitsa mwana wace tsiku limene afuna kuthawa.

Ku Zambia funso la kulandira ophunzira atsopano linayankhidwa m'njira yacilendo, yunivesite isanamangidwe n'komwe. Mu 1963 boma linaitana bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood, mkulu wa maphunziro wa ku London, kuti lifufuze za kumanga yunivesite. Ngakhale mwini wace anali wa ku London, Lockwood analangiza kuti yunivesite yatsopanoyo isakhale mwana wa London, koma iime payokha, ipereke madigiri aceace, ndipo itumikire zosowa za dziko lino. Langizo lace lalikulu linali lakuti ophunzira alowe atangotsiriza School Certificate, osadikira Fomu 6, ndipo digiri ikhale ya zaka 4 m'malo mwa zaka 3 za ku England. Ena anang'ung'udza kuti kutero ndi kutsitsa maphunziro. Koma taonani tanthauzo lace. Caka coonjezeraco cinali mlatho. Nchito imene Angerezi anali kuipereka kwa Fomu 6, ndiyo yophunzitsa mwana kuwerenga yekha ndi kuganiza yekha, yunivesite inaisenza yokha. Ndiko kunena kuti Aamerika anapatsa mlendo sabata imodzi, koma Lockwood anampatsa caka cathunthu. Kukanapanda langizo limeneli ana a m'makomboni ndi a m'midzi, amene sukulu zao zinalibe Fomu 6, akanaima kunja zaka zina zambiri.

Anthu wamba anailandira nkhaniyi ndi manja awiri. Posonkha cuma comangira yunivesite, amene analibe ndalama anapereka nkhuku, mbuzi ndi cimanga. Mu March 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro pa Ridgeway, m'nyumba zimene zinali za Oppenheimer College. Pa 12 July caka comweco Kaunda anabvekedwa mkanjo wa Chancellor, ndipo m'mawa mwace anaika mwala wa maziko pa malo a Great East Road, moyang'anana ndi komboni ya Kalingalinga. Woyendetsa yunivesite woyamba anali Douglas Anglin wa ku Canada. Mu 1969 mpandowo unapita kwa Lameck Goma uja, amene dzina lace liri pa timaiwe ta pa sukulupo kufikira lero.

Tsono kodi mwana wofika pamenepa apeza ciani comdodometsa? Coyamba ndi kusowa kwa belu. Ku sekondale belu ndilo linali kumdzutsa, kumlowetsa m'kalasi ndi kumtulutsa. Mphunzitsi anali kulemba zonse pa bolodi, iye nakopera, naloweza. Kuno mphunzitsi alowa m'holo ya anthu mazana, alankhula ora limodzi, nacoka osafunsa dzina la munthu aliyense. Ukagona tsiku lonse palibe wokudzutsa, ndipo cilango cace cidzabwera mwakacetecete pakutha pa caka. Caciwiri ndi Cingerezi. Inde, kuyambira 1966 ana a m'dziko muno anali kuphunzira m'Cingerezi kuyambira kalasi loyamba. Koma Cingerezi ca m'kalasi la ana 70, cimene mwana acisiya pa khomo la sukulu nabwerera ku Cinyanja ca pa msika, sicifanana ndi cimene afuna polemba cimangirizo ca masamba 10. Ndiponso m'zaka zoyambazo aphunzitsi ambiri anali ocokera kunja, ku Britain, ku India, ku America ndi maiko ena, aliyense ndi lilime lace, kotero kuti khutu linali kutha mwezi lisanazolowere. Cacitatu ncobisika, ndipo ndico coopsa: manyazi. Mwana wa ku George akhala pa mpando umodzi ndi mwana wa ku Kabulonga amene anakula ndi mabuku m'nyumba, ndipo poopa kuoneka wa kukomboni atseka pakamwa pamene anayenera kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsa kufuna munthu amene ukhoza kumfunsa wosakuseka.

Pa zimenezi yunivesite inaikanso masiku ace olandirira alendo, monga mwa citsanzo ca ku America. Atsopano alembetsa maina, apatsidwa malo ogona, amva malankhulidwe a akulu a sukulu ndi a ofesi yoyang'anira umoyo wa ophunzira, aonetsedwa nyumba ya mabuku ndi cipatala, ndipo atsogoleri a bungwe la ophunzira la UNZASU, a mipingo ndi a masewera aitanira aliyense kwace. Ndi mwambo wabwino, ndipo uposa mockery monga usana uposa usiku. Colakwika cace ndi cakuti masikuwo atha m'mizere. Mwana aima pa mzere wa ndalama, pa mzere wa cithunzi, pa mzere wa cipinda, ndipo pofika m'holo mutu wace uli pa funso la kumene adzagona usiku uno. Malangizo onse a caka cathunthu amthiridwa nthawi imodzi, monga munthu wothira mtsuko wonse wa madzi m'botolo la kukamwa kwakung'ono.

Ndiponso mlatho uja wa Lockwood sunakhale mlatho wokha, unasanduka sefa. Wofuna udokotala, uinjiniya kapena za migodi anali kuyamba walowa m'Sukulu ya Natural Sciences, ndipo pakutha pa caka coyamba malikisi ace ndiwo anali kunena kumene adzapita. Malo anali ocepa, olimbirana ambiri. Motero caka cimene cinaikidwa kuti mlendo azolowere ndico cinakhala caka coweruza moyo wace wonse. Amene anataya miyezi itatu yoyamba posokonezeka anali kupeza kuti khomo la udokotala latsekeka, osati cifukwa ca kucepa nzeru, koma cifukwa anacedwa kudziwa njira.

Kumene akulu a sukulu analekezera, ophunzira akale anapitiriza. M'nyumba zogonamo zakale zija, Africa, Kwacha, President ndi International, zimene eni ace anazicha Ruins, watsopano anali kuphunzira cinenero ca pa mudziwo: kuti monk ndi mnyamata wosasamala za cibwenzi, mojo ndi wokonda kuyenda ndi atsikana, moma ndi mtsikana wa pa sukulupo, ndipo BC ndi ndalama ya boma imene tsiku lace lobwera lidziwika ndi onse. Anali kuphunziranso ndale. Mu July 1971 ophunzira anakacita cionetsero pa ofesi ya kazembe wa France cifukwa ca kugulitsa zida za nkhondo kwa Mabunu, ndipo mkangano umene unatsatira unatseketsa yunivesite. Mu February 1976 inatsekedwanso pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola. Ncocititsa cidwi kuti ku America cipolowe conga ici cinabala cipatso cina. Ophunzira a Yunivesite ya South Carolina atacita ciwawa mu 1970, mkulu wa sukuluyo, Thomas Jones, anaganiza kuti muzu wace ndi wakuti ana ndi aphunzitsi sadziwana. Mu 1972 anayambitsa phunziro lochedwa University 101, momwe atsopano akomana m'kagulu kakang'ono ndi mphunzitsi mmodzi sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo. Kwathu mankhwala a cipolowe anali kutseka zipata ndi kutumiza ana kwao.

Panali nyengo ina yaifupi pamene boma, losalinga kutero, linapereka cinamwali ceniceni. Pakati pa zaka za 1970 linalamula kuti onse otsiriza Fomu 5, anyamata ndi atsikana, alowe Zambia National Service kwa miyezi 20, kukaphunzira mfuti ndi khasu. Osankhidwa kupita ku yunivesite anali kutuluka msanga atatsiriza za usilikali. Ambiri anadana nazo, ndipo lamuloli linalekeka kuciyambi kwa zaka za 1980, matenda atapha ana ena m'misasa ndipo cuma ca boma citacepa. Komabe m'misasamo mwana wa nduna ndi mwana wa woumba njerwa anameta mpala umodzi, nabvala nsapato zofanana, nadya m'mbale imodzi. Pofika pa Great East Road anali odziwana kale, ndipo manyazi aja tanena anali atacepa. Sindinena kuti ana athu abwerere ku mfuti iai. Ndingosonyeza cimene miyezi yocepa yokhalira pamodzi ikhoza kucita.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, umphawi unalowa pang'onopang'ono pa sukulu yaikulu. Ophunzira oyamba aja anali kudya katatu pa tsiku m'nyumba yodyeramo, osalipira kanthu. M'kupita kwa zaka nyumba zodyeramo zinaleka kuphika, boma linayamba kupereka ndalama m'manja, ndipo kumapeto kwa zaka za 1980 makolo anauzidwa kuti nawonso asenzeko mtolo. Ophunzira anaculuka, nyumba zogonamo zosaculuka. Cipinda ca anthu awiri cinayamba kugona anthu anai kapena asanu ndi mmodzi, ndipo wogona pa bedi la mnzace popanda cilolezo anachedwa squatter. Apa pali coseketsa comvetsa cisoni: dzina lomwelo limene boma linali kuchula nalo agogo ace ku George, mdzukulu analipeza lirikumdikira pa yunivesite. Osowa malo apita kukacita lendi ku Kalingalinga ndi ku Mtendere. Koma wa ku George auzidwa kuti kwanu ndi konkuno ku Lusaka, ugone kwanu. Motero mbandakuca ali pa siteshoni, madzulo ali pa siteshoni, ndipo nthawi imene anzace akambirana za phunziro la tsikulo iye ali m'basi. Lamulo la 2016 linasandutsa thandizo la boma kukhala ngongole yobweza. Ndalama ya cakudya inacotsedwa mu 2019, nibwezedwa mu 2023.

M'zaka zobvutazi uphungu unagwera mipingo ndi timabungwe ta ophunzira ocokera dera limodzi kapena sukulu imodzi. Akatolika, a Reformed Church, a United Church, a Sabata ndi a Pentekoste, onse ali ndi magulu ao pa sukulupo, ndipo ndiwo acingamira watsopano, kumpezera pogona ndi kumbwereka mapepala a mayeso akale. Mtsikana ndiye afuna phungu koposa. Yunivesite inapatula malo 30 mwa 100 alionse kuti akhale a atsikana okha, ndipo inacita bwino. Koma masabata oyamba ndiwo amene anyamata akale, ndi amuna a magalimoto a m'tauni, azungulira nyumba za atsikana atsopano monga akabawi pa anapiye. Mtsikana wa njala, amene ndalama yace yacedwa, sacenjezedwa ndi malankhulidwe a tsiku limodzi a m'holo.

Tsono tifike pa cinthu cimene cindiwawa ine koposa zonse m'mbiri imeneyi. Mu 1965 boma la America linayambitsa nchito yochedwa Upward Bound, yolinga ana a amphawi ndi ana amene makolo ao sanapite ku koleji. Anawo atengedwa akali ku sekondale, nakagona pa koleji masabata 6 m'chuthi ca nyengo yotentha, naphunzira masamu ndi kalembedwe, nadya m'nyumba yodyeramo, nazolowera makomo ndi nkhope. Tsiku lolowa koleji safika monga alendo. Aamerikawo ali ndi miyezi itatu yokha pakati pa sekondale ndi koleji, ndipo aigwiritsa nchito. Ife tiri ndi nthawi yoposa pamenepo. Mwana alemba mayeso otsiriza mu November, zotsatira zituluka mvula iri pakati, ndipo kawirikawiri atha caka cathunthu asanaitanidwe. M'cakaco mwana wa ku Kabulonga aphunzira kompyuta ndi kuyendetsa galimoto. Wa ku George akhala pa kantemba ka amai ace, kapena aumba mabuloko, kapena alera ana a mlongo wace. Masamu aja anakhoza bwino acita dzimbiri, Cingerezi cibwerera m'mbuyo, ndipo atsikana ena caka cisanathe akwatiwa. Nthawi yonseyi zipinda za Matero Boys ndi Matero Girls zikhala zotseka pa chuthi ndi pa Ciweru, ndipo ana a ku George amene ali m'caka cacitatu pa yunivesite ali pa nyumba, a nzeru zao m'mutu, opanda wowapempha.

George yemweyo anaonapo kale njira yocitira zinthu zotere. Pokonza komboni m'zaka za 1970, anchito a boma sanabwere ndi akatapila tsiku loyamba. Anayamba ndi misonkhano, cigawo ndi cigawo, kufotokoza za ngongole ndi za mipope. Ndipo pofuna kulambula mseu anali kuyenda pansi pamodzi ndi atsogoleri a anthu, kuloza nyumba imene idzagwa ndi imene idzatsala, kufikira atamvana. Amene nyumba zao zinagwa anapatsidwa malo ena pafupi. Nchitoyo inali ndi zolephera zace, makamaka pa kubweza ngongole ndi pa madzi, amene anadzafuna thandizo la Japan m'zaka za 1990 kolera atabvuta. Koma miseu ija inalambulidwa popanda nkhondo, cifukwa anthu anaiyenda ndi mapazi isanakhalepo.

Mu January 2022 boma linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira Giredi 12, ndipo makalasi a m'makomboni anadzaza mpaka ana ena kukhala pansi. Khamu limenelo lirikukwera makwerero caka ndi caka, ndipo ambiri a iwo ndi oyamba pa mabanja ao. Mu 2025 dongosolo latsopano la maphunziro linayamba, limene linabweza maina akale a Fomu m'malo mwa Giredi, ndi kuika Fomu 5 ndi Fomu 6 pamwamba pa zaka 4 za sekondale. Motero khwerero lija limene Lockwood analicotsa mu 1963 labwereranso, ndipo funso lidzakhala lomwe lija la masiku a Salisbury, lakuti ndi sukulu ziti zidzakhala ndi aphunzitsi ndi zipangizo za Fomu 6, za m'mayadi kapena za ku Matero. Mwana wa ku George amene analowa Fomu 1 mu 2025 adzalemba mayeso a Fomu 4 mu 2028, ndipo ngati apeza malo mu Fomu 5 adzatsiriza mu 2030.